AREDS, mavitamini ndi ng'ala ya msodzi wa ku Malindi

Otsatsa mavitamini "oteteza maso" amakonda kutchula kafukufuku wa AREDS, yemwe adachitika ku United States motsogozedwa ndi National Eye Institute, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2001. Kafukufukuyo adapangidwa bwino, koma akusenzetsedwa katundu yemwe si wake.

Ganizo lomwe adayambira ndi lomveka. Okosijeni, kuwala kwa dzuwa ndi utsi zimabala tizinthu towononga mapuloteni a m'maselo, monga dzimbiri limadyera msomali wa boti. Akatswiri amati oxidative stress. Lenzi ya m'diso sitaya mapuloteni ake akale, choncho owonongekawo amangounjikana mpaka lenziyo kuchita mbuu. Imeneyo ndiyo ng'ala. Mu 1988, kafukufuku wa asodzi 838 a ku Chesapeake Bay adapeza kuti omwe adawombedwa kwambiri ndi dzuwa adali pachiopsezo chachikulu cha mtundu wina wa ng'ala. Nkhaniyi ikumukhudzanso msodzi wa ku Malindi, yemwe dzuwa limamupeza kumwamba ndi pamadzi pomwe.

Ndiye funso lidali loti: ngati diso likuchita "dzimbiri", kodi kumwa ma antioxidant kungaliteteze? AREDS idatsatira anthu oposa 4,000 a zaka 55 mpaka 80, ndipo ena mwa iwo ankamwa tsiku lililonse vitamini C 500 mg, vitamini E 400 IU, beta-carotene 15 mg, zinki 80 mg ndi kopa 2 mg. Phindu lidaoneka pa matenda amodzi okha, a ukalamba owononga macula, kachigawo ka pakati pa retina. Kwa omwe matendawo adali atafika kale patali, chiopsezo choti akule chidatsika ndi pafupifupi 25 peresenti. Pa ng'ala padalibe kusintha kulikonse, ndipo gawo limeneli otsatsa salitchula.

Wina anganene kuti omwe adali mu AREDS ambiri adali azungu odya bwino, kotero mapiritsi angathandize komwe chakudya chimaperewera. Mfundoyi ndi yoyenera kuiyesa, ndipo idayesedwa. Kumidzi ya kummwera kwa India anthu adamwa mavitaminiwa kwa zaka zisanu, koma ng'ala idapitirira chimodzimodzi. Mu 2012 a Cochrane adaphatikiza kafukufuku 9 wokhudza anthu 117,272, osapeza umboni woti mavitaminiwa amapewa kapena kuchedwetsa ng'ala. Palinso choopsa: beta-carotene wochuluka amawonjezera chiopsezo cha khansa ya m'mapapo kwa osuta fodya, ndipo AREDS2 ya mu 2013 idalimbikitsa lutein ndi zeaxanthin m'malo mwake. Botolo lomwe likutsatirabe muyezo wakale si loyenera kwa bambo wosuta chingambwe.

Izi zisasokonezedwe ndi vitamini A yemwe amaperekedwa kwa ana a miyezi 6 mpaka 59 kusikelo. Ameneyu amabwezeretsa chomwe thupi likusowa ndipo amatetezadi khungu la ana. Apitirire.

Kwa akuluakulu, ng'ala ndiyo imayambitsa khungu kwambiri m'Malawi muno, ndipo imachoka ndi opaleshoni basi. Gogo yemwe sakuthanso kuwerenga zala pa mtunda wa mamita atatu akufunika kukaonedwa ku St Martin's kapena pa chipatala chachikulu cha Mangochi, kuti alembedwe pa mndandanda wa opaleshoni. Ndalama ya botolo la mapiritsi ndi yomweyo ikadamulipirira ulendo, ndipo miyezi yodikira kuti mapiritsi "agwire" ndi miyezi yomwe mdzukulu akujomba kusukulu kuti azimugwira dzanja.

Mlangizi wa zaumoyo kapena volontiya akafunsidwa za kuteteza maso, ali ndi zoti anene zomwe sizilira ndalama zambiri: chipewa cha mlomo waukulu panyanja, kusiya fodya, kuyezetsa shuga, kuphikira ndi kuwambira nsomba pamalo potuluka utsi, ndi kusadonthezera m'maso madzi a zitsamba.