Nthondo: mawu a Ntara kapena a mishoni?

Akuluakulu a pagulu pano, sabata ino tibwerere kwa Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara lomwe linatuluka mu 1933 iye ali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Mu 1934 T. Cullen Young, mmishonale wa Livingstonia, sinodi yomwe likulu lake lili kuno ku Mzuzu, analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa.

Nkhani yake mukuidziwa: mnyamata wosamva ndi wakuba, kenako mfumu, pomaliza Mkhristu. Taonani kayendedwe kake: tchimo, mavuto, kulapa. Si momwe ulaliki wa paguwa umayendera?

Tiyerekeze ndi The Scarlet Letter ya Nathaniel Hawthorne, ya 1850. Apyuritani a ku Boston, otsatiranso chiphunzitso cha Calvin, amamuveka Hester Prynne chilembo A pachifuwa chifukwa cha chigololo, pomwe mbusa amene anamupatsa mimbayo akulalikirabe. Hawthorne ankalemba patadutsa zaka pafupifupi 200, ndiye kudzudzula kunali kosavuta. Ntara ankalemba ali m'kati, akudya za mishoni yomweyo.

Komatu tisamupeputse. Akamafotokoza moyo wa pamudzi ndi miyambo ya Achewa, bukuli limakoma kuposa pamene Nthondo akutembenuka mtima. Apo ndiye timamva Ntara weniweni.

Nanga lero, mtsikana akadulidwa mumpingo chifukwa cha mimba, mwamunayo ali phee, ndani mwa ife akulemba nkhani yake?