Manja a M'man Tine ndi Minda ya Tiyi ya ku Thyolo

M'chaka cha 1950 Joseph Zobel, mbadwa ya pa chilumba cha Martinique, anatulutsa buku lake la Chifalansa lotchedwa La Rue Cases-Nègres. Ife owerenga Chingerezi linatifika mu 1980, pamene Keith Q. Warner, mphunzitsi wa pa yunivesite wochokera ku Trinidad, analimasulira nalitcha Black Shack Alley. Womasulira satamandidwa kawirikawiri, komatu pakadapanda iye ambiri a ife sitikadalidziwa bukuli.

Mwana José akulira m'tinyumba ta antchito a m'munda wa nzimbe. Ukapolo unathetsedwa kumeneko mu 1848, koma agogo ake, M'man Tine, alikulimabe munda wa mzungu pa malipiro osakwanira ndi chakudya chomwe. Iwo akana kuti mdzukulu wawo alowe m'gulu la ana olima, namtumiza ku sukulu. José aphunzira mpaka ku Fort-de-France. Agogowo amwalira, ndipo chotsala m'maganizo mwake ndicho manja awo otupa ndi ong'aluka.

Munthu wa ku Goliati sasowa womfotokozera zimenezi. Makolo ambiri a Chilomwe, atachoka ku Mozambique, anakhazikika pa minda ya azungu ya ku Thyolo nalipira malowo ndi thangata. Thangata anatha, koma dengu la tiyi lili kumsana kufikira lero, ndipo kangati ndalama za dengulo zalipirira mwana sukulu?

Mphamvu ya Zobel ili poti salalikira. Aonetsa manja, nasiyira ife chiweruzo. Koma bukuli lili ndi pofooka pake. Lionetsa sukulu ngati khomo lokhalo lotulukira, chonsecho wotuluka ndi mmodzi, anzake a paubwana natsala mu umphawi. Kuonjezera apo, linalembedwa m'Chifalansa cha m'kalasi, chimene M'man Tine, wolankhula Creole, sakadatha kuwerenga. Wofuna kulimasulira m'Chichewa adzakomana ndi vuto lomweli, pakuti akawalankhulitsa onse Chichewa chimodzimodzi, adzabisa mpata umene maphunziro atsegula pakati pa mwana ndi agogo ake.

Mpata umenewu ndiwo utikhudza ife ansembe ndi aseminale. Ambiri a ife tinaphunzitsidwa ndi manja otere, ndipo filosofiya ndi teolojiya tinaziphunzira m'chilankhulo chimene eni manjawo sachimva. Zobel anabweza ngongole yake polemba buku. Wansembe aibweze pa guwa ndi pa makomo a antchito, polalika m'mawu amene wothyola tiyi awamva, ndi posakhala chete pa za malipiro ake.