Mphunzitsi wa Chichewa Woyesedwa m'Chingerezi

Yunivesite ya Mzuzu idakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo m'chaka cha 1997, ndipo idalandira ophunzira ake oyamba mu 1999 ku Luwinga, pamalo pomwe kale padali sukulu yosula aphunzitsi. Ntchito yomwe idayamba nayo ndiyo yosula aphunzitsi a m'sukulu za sekondale. Choncho funso lakuti mphunzitsi wotuluka kumeneko azitha kuchita chiyani n'loyenera kufunsidwa kawirikawiri, makamaka pa phunziro la Chichewa.

Akatswiri a maphunziro adaunika kale za funsoli. Ralph Tyler adalemba mu 1949 kuti wokonza maphunziro ayambe wadziwa cholinga, kenaka asankhe zophunzitsa ndi njira yoyesera ngati cholingacho chakwaniritsidwa. John Biggs adaikulitsa mfundoyi mu 1996 ponena kuti zinthu zitatu ziyenera kugwirizana: zomwe wophunzira ayenera kutha kuchita, ntchito zomwe akupatsidwa m'kalasi, ndi mayeso omwe akulemba. Chimodzi chikapatuka, wophunzira amatsata mayeso chifukwa ndiwo ampatse digiri.

Apa ndi pomwe pagona vuto. M'mayunivesite a m'Malawi chiyankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi, ndipo sayansi ya ziyankhulo imaphunzitsidwanso m'Chingerezi momwemo. Wophunzira angathe kufotokoza bwino lomwe magulu a mayina a ziyankhulo za Chibantu m'Chingerezi, nakhoza mayeso. Koma tsiku loyamba kuimirira pamaso pa ana a Fomu 1 adzafunika mawu ena: tsinde, mphatikiram'mbuyo, mphatikiram'tsogolo, mperekezi, mlumikizi, msintho wa mneni wochititsa ndi wochitira. Ngati sadayesedwepo pa matchulidwe amenewa, mayeso ake adayesa luso lina, pomwe ntchito yake ikufuna luso linanso.

N'chimodzimodzi ndi kalembedwe. Bungwe la Chichewa Board, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972, lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973 n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Ntchito yake idapita m'manja mwa Centre for Language Studies ku Zomba mu 1996, komwe kudatuluka Mtanthauziramawu wa Chinyanja m'chaka cha 2000. Mphunzitsi ndiye amafikitsa zonsezi kwa mwana. Ndiye amachonga chimangirizo, nalongosola chifukwa chomwe "r" amalembedwera patsogolo pa "i" kapena "e", monga m'mawu akuti "kulira" ndi "kubwera", pomwe "kugula" amalembedwa ndi "l". Luso lotere silibwera pomvera chabe ayi. Limafuna kulemba, kuchongedwa ndi kulembanso.

Mzinda wa Mzuzu ukuwonjezera mfundo ina. Ana ambiri a m'chigawo cha kumpoto amayankhula Chitumbuka, Chitonga kapena Chinkhonde kunyumba, ndipo Chichewa amachiphunzira ngati chiyankhulo chachiwiri. Ndondomeko ya maphunziro yomwe ikuganiza kuti mwana aliyense adayamwira Chichewa ikusula mphunzitsi wa kalasi lomwe kulibe. Pakati pa zomwe mphunzitsi ayenera kutha kuchita payenera kulembedwa poyera luso lophunzitsa Chichewa kwa mwana wa chiyankhulo china, popanda kunyoza chiyankhulo cha makolo ake.

Pali ena omwe amati mabuku a sayansi ya ziyankhulo ali m'Chingerezi, ndipo kuti yunivesite si malo ongobwerezera za kusekondale. Mfundoyi ili ndi maziko, ndipo palibe akuti Chingerezi chichotsedwe. Komabe matchulidwe sadzakula ngati sagwiritsidwa ntchito pamalo pomwe nzeru zimasulidwa. Mabuku a kupulayimale adasonyeza kale kuti n'zotheka: maphunziro atakonzedwanso mu 2007, aphunzitsi adazolowera mawu akuti "zizindikiro za kakhozedwe".

Motero okonza maphunziro angachite bwino kulemba zolinga za phunziro la Chichewa ndi aneni oonetsa ntchito, monga "kuchonga", "kumasulira", "kufupikitsa" ndi "kuphwanya mawu", m'malo mwa "kudziwa" kapena "kumvetsa", omwe ndi ovuta kuyesa. Gawo lina la mayeso lilembedwe m'Chichewa, ndipo woyesa aone mphunzitsiyo akufotokoza lamulo la chiyankhulo kwa ana enieni. Zikatero, digiri idzachitira umboni luso lomwe mwini wake alidi nalo.