Mbava Ziwiri: Jean Valjean ndi Nthondo

Ambiri a inu mukafunsidwa za khalidwe la mtengambali mumayankha ndi liwu limodzi: wakuba, waulesi, wachifundo. Yankho lotere silipata malikisi ambiri. Wochonga amafuna mutchule chimene munthuyo adachita, chimene chidamuchititsa, ndiponso chimene adataya. Tiyeni tione zimenezi m'buku la Chifalansa lotchedwa Les Misérables, limene Victor Hugo adatulutsa mu 1862 akukhala pa chilumba cha Guernsey, atathawa kwawo chifukwa chotsutsa ulamuliro wa Napoleon III.

Mtengambali wamkulu, Jean Valjean, adaba buledi mmodzi kuti adyetse ana 7 a mlongo wake. Adamugamula zaka 5, koma poti adayesa kuthawa kanayi, adakhala m'ndende zaka 19. Taganizani za bambo wa ku Kabudula wogwidwa akuthyola chimanga chachiwisi m'munda mwa eni mwezi wa Febuluwale, ana ake atagona ndi njala. Ndi mbava, inde. Koma Hugo akufuna mudzifunse kuti wolakwa kwambiri ndani, woba buledi kapena womugamula.

Atatuluka mu 1815, anthu adamukaniza malo ogona kupatula Bishopu Myriel. Usiku womwewo Valjean adamubera ziwiya zasiliva. Apolisi atamugwira n'kubwera naye, bishopuyo adati ziwiyazo adachita kumupatsa, nawonjezerapo zoikapo makandulo ziwiri. Owerenga ambiri amati Valjean adasinthira pamenepa. Ine ndimaona umboni weniweni patsogolo. Iye ali meya wolemekezeka, wodziwika ndi dzina loti Madeleine, akumva kuti munthu wina, Champmathieu, akuzengedwa mlandu pomuyesa Valjean. Akadangokhala chete, bwenzi atapulumuka mpaka kalekale. Koma akupita kukhoti ku Arras nakadziulula yekha, ulemu wonse n'kuthera pomwepo.

Tsopano muyerekezeni ndi Nthondo wa m'buku la S.J. Nthara la 1933. Nayenso adayamba ndi kuba, nadzatsiriza ali mfumu komanso Mkhristu. Nthara amaloza chala mtima wa munthu, pamene Hugo amalozanso malamulo ndi umphawi. Nthondo atasintha, anthu ake adamulandira. Valjean sadaone mwayi umenewo, pakuti wapolisi Javert adamulondola zaka zambiri, osakhulupirira kuti mkaidi angasinthe. Valjean atapeza mpata womupha koma n'kumumasula, Javert adasokonezeka mutu nadziponya mumtsinje wa Seine.