MUNTHU NDI MTIMA WACE: ZA MABUKU A KU MIKUYU

Ife a ku Zomba tikaona munthu alikutsika m'mbali mwa Mulunguzi nalankhula yekha, siticedwa kutsinana ndi kunena kuti mutu wace wayamba kusokonezeka. Koma cinenero cathu comwe cititsutsa. Kodi sitinena masiku onse kuti, Mtima wandiuza, kapena, Ndinadzifunsa, kapena, Ndiri ndi mitima iwiri? Nanga wofunsayo ndani, ndi wofunsidwayo ndani? Makolo anati kali kokha nkanyama, tili tiwiri ntianthu. Ndipo ife tiyesa kuti mwambi umenewu ufika ndi m'kati momwe mwa munthu mmodzi.

Tanena izi cifukwa ca mabuku a Bambo Jack Mapanje, amene anali mkuru wa maphunziro a Cingerezi pa Chancellor College muno m'Zomba. Pa 25 September 1987 apolisi anawagwira ku Gymkhana Club, nawatsekera m'ndende ya Mikuyu, ku cigwa ca ku mbali ya nyanja ya Chilwa. Ndipo anakhala momwemo kufikira mwezi wa May 1991, osauzidwa mlandu wao, osaonekera pabwalo. Pepala ndi colembera zinali zoletsedwa. Cotero munthu wozolowera kulemba anayamba kuumba ndakatulo zace mumtima, nazibwereza kuti zingatayike. Ndipo zambiri za ku ndendeko zinasindikizidwa m'caka ca 1993, m'buku lochedwa The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison.

Wowerenga angayembekeze kuti munthu wotsekeredwa adzangonena za iye mwini, ine, ine, kufikira kutopetsa. Si momwemo ai, ndipo apa ndi pamene pagona mphamvu ya bukuli. Mlembi akalankhula ndi mtima wace, mumtimamo mupezeka mwadzala anthu. Taonani ndakatulo ija ya makoma a ndende. Akaidi amene anakhalamo kale anasiya zizindikiro zao pakhoma, wina pemphero, wina mau a cisoni cace. Tsono iye alamulidwa kupukuta zonsezo. Dzanja lilikupukuta, koma mtima ulikuwerenga ndi kusunga. Anthu amene sanawaone ndi maso asanduka anansi ace, ndipo pakufunsa kuti iwo anali yani, ayamba kuzindikira kuti iye ndani: salinso mphunzitsi wochuka amene wagwa m'tsoka lace la yekha, koma mmodzi wa mzere wautali wa osautsidwa. Ngakhale timbalame tija ta dzina la bukuli, timene tinkagona pa waya pamwamba pa bwalo la ndende ndi kuipitsa pansi, iye atisandutsa olankhula nao. M'buku lina la 1998, Skipping Without Ropes, tiona mkaidi womanidwa cingwe alikulumpha cingwe cimene palibe. Kunja kuoneka ngati misala; m'kati ndi munthu wouza thupi lace kuti mwini wace akali moyo.

Koma tisabise pamene takhumudwa. Pali masamba ena pamene mkwiyo ukula, mlembi nayamba kuwerenga zoipa za om'sautsa cimodzi cimodzi, monga woneneza pabwalo la mfumu. Mkwiyowo ngwoyenera, sitikana. Koma pamenepo liu la mumtima lizimirira, titsala tilikumva munthu wolankhula kwa khamu. Ndiponso buku lao la mbiri ya ukaidi, And Crocodiles Are Hungry at Night, linaturuka m'caka ca 2011, zitapita zaka 20 cimasulidwire. Wofotokoza m'menemo ndi mkulu wokhala ku England amene adziwa kale kuti citseko cinatseguka. Koma uja anagona ku Mikuyu sanadziwe. Tiliwerenge ndithu, pakuti muli zambiri zimene dziko liyenera kukumbuka, koma tidziwe kuti munthu pokumbukira amakonzanso mau amene anadziuza.

Cotiwawa koposa ndi cinenero. Mabuku onsewa ali m'Cingerezi, ndipo amai a ku Jali kapena a ku Songani, amene abale ao anagona m'zipinda zomwezo, sangathe kumva. M'cinenero cathu tiri naye Nthondo wa Bambo Samuel Nthara, wa 1933. Koma pamenepo tiona kwambiri nchito za mnyamatayo, kuba kwace, ulendo wace ndi kubwera kwace, ndipo kusandulika kwa mtima wace kutifikira mofulumira, tisanamve bwino makani amene anali m'kati.

Ife aphunzitsi tiri ndi mbali yathu pa mlandu umenewu. Tikauza ana kuti alembe za iwo eni, amatipatsa dzina, mudzi, mfumu ndi cakudya cimene akonda, ife nkuconga ndi kupatsa malikisi. Sabata yatha tinayesa njira yina: tinawauza alembe zimene mtima unawauza tsiku limene analakwa, ndi zimene iwo anauyankha. Ambiri anangoluma colembera. Mtsikana mmodzi analemba masamba awiri, ndipo liu lom'dzudzula m'menemo, anatero iye mwini, linali la agogo ace amene anamwalira.