Za Maimbidwe a Amandebele

Aphunzitsi anzathu, ambiri a ife tinazolowera kuyesa kuti nyimbo iri yonse ya makolo iyenda ndi ng'oma. Koma Amandebele a ku Bulawayo, zidzukulu za pfuko lija Mzilikazi anaturuka nalo kwa Shaka, atiphunzitsa zina. Mphamvu ya nyimbo zao iri m'mau ndi m'mapazi. Mmodzi atsogola, khamu libvomereza ndi mau akuru a pansi, ndipo mapazi aponda nthaka pamodzi, monga acita Angoni athu pa ingoma. Pakuti makolo ao anacokera dziko limodzi.

Masiku a Lobengula magulu a nkhondo, amene awacha amabutho, anasonkhana caka ndi caka ku Inxwala, ndiwo mwambo wa zakudya zoundukula, naimba nyimbo yosaloleka pa nyengo yina iri yonse. (Lemba x m'dzina ili si lathu, alichula ndi kuliza lilime pambali pa mano.) Ufumu unagwa mu 1893, ndipo msonkhano waukuruwo unaleka.

Amishoni a London Missionary Society, okhala pa Inyati kuyambira 1859, anadza ndi nyimbo za mau anai. Apa ndipo pagona mlandu. M'Sindebele, monganso m'cinenero cathu, munthu akoka phatikizo loyandikana ndi lotsiriza, ndipo liu likwera kapena kutsika monga mwa tanthauzo lace. Cuni ca ku Ulaya kawirikawiri cigwetsa mphamvu pa phatikizo lotsiriza, mau naturuka opunduka; nkhalamba imva kukoma kwa nyimbo, koma conenedwaco siicigwira. Cilema comweci ticimva m'masukulu mwathu, ndipo tiyenera kuyamba tanenetsa ana mauwo pakamwa, asanawaimbe.

Cifukwa cace tiyamikira gulu la Black Umfolosi, limene anyamata a sukulu analiyamba mu 1982. Aimba imbube popanda coimbira ciri conse. Mau anai a ku sukulu anawatenga ndithu, koma salola cuni kulamulira cinenero: wotsogola aimba monga munthu wolankhula, anzace nabvomereza monga amabutho a kale.

Cimene titsutsana nao ndi gule wa majombo, amene aonetsa alendo a ku maiko akutali. Gule ameneyu akondweretsa maso, sitikana ai. Koma anakulira ku migodi ya South Africa, si wa pa bwalo la Mzilikazi, ndipo mlendo abwerera kwao ali kuyesa kuti waona mwambo wa makolo. Tikadakonda acurukitse isitshikitsha, ndi masece aja a m'miyendo ochedwa amahlwayi.