Ziganizo ziwiri pa chivindikiro cha buleki

Njinga yamoto ikakhala ya buleki ya disiki kutsogolo, pa handulo ya kumanja pamakhala kabokosi ka mafuta a buleki, ndipo pa chivindikiro chake pali mawu odindidwa m'chitsulo momwemo. Ali m'Chingerezi: liwu lochenjeza pamwamba, pansi pake ziganizo ziwiri. M'Chichewa akuti pukutani chivindikiro musanachichotse, ndiponso thirani mafuta a DOT 4 okha, ochokera m'botolo lomata. Pa njinga zina nambala yake ndi DOT 3. Njinga zambiri za kabaza zoima m'mbali mwa msewu wa M1 pa Chisemphere n'za buleki ya dilamu yokoka ndi waya, choncho zilibe mawuwa. Koma za disiki, zakale ndi zatsopano zomwe, zili nawo pafupi penipeni ndi chala cha woyendetsa, ngakhale fumbi limadzaza m'zilembo mpaka mwini njinga kuiwala kuti pamenepo panalembedwa kanthu.

Mawuwa sanawapeke a Honda kapena a Yamaha. Anachokera m'lamulo la ku America lokhudza mabuleki a njinga zamoto, lotchedwa FMVSS 122, ndipo DOT ndi chidule cha dzina la nthambi ya boma la dzikolo yoona zamtengatenga. Lamulolo linalemberatu mawu onse, n'kusiya mpata umodzi woti wopanga njinga aikepo mtundu wa mafuta. Patapita zaka zingapo Honda CB750 ya 1969 itafalitsa buleki ya disiki, makampani ofuna kugulitsa njinga ku America anayenera kudinda chenjezoli, ndipo layenda mpaka kufika kuno kwathu kolima fodya.

M'lamulomo chiganizo cha kupukuta ndicho chimayamba. Pa zivindikiro zambiri za njinga za ku Japan anachitembenuza, n'kuyamba ndi za mafuta. Ine ndikuona kuti olemba lamulo ndiwo anakhoza, chifukwa anatsata mmene dzanja limayendera: munthu amayamba wakhudza chivindikiro asanagwire botolo. Mphamvu yonse ya chiganizochi ili pa "musanachichotse". Kupukuta mutatsegula kale n'kusesera litsiro m'kati. Pansi pa kabokosi kaja pali timabowo tiwiri, kamodzi kakang'ono kwambiri, kobwezera mafuta m'mwamba mukasiya handulo. Kamchenga kamodzi kakatseka pamenepo, mafuta sabwerera, mapadi amangokanirira pa disiki, disiki imatentha, ndipo tayala likhoza kumangika munthu ali paliwiro. Amene wayendapo m'misewu ya fumbi yolowera m'maesiteti mu Seputembala ndi Okutobala amadziwa mmene fumbi limaunjikanira m'mitu ya masikuluwu awiri aja. Wolemba chenjezoli mwina sankadziwa Kasungu, koma chiganizo chakecho chikuyenera Kasungu kuposa kwawo kwa phula.

Chiganizo chachiwiri n'cholemera, chifukwa chasenza malamulo awiri. Loyamba lili pa "okha". Liwuli likuletsa zinthu zambiri popanda kutchula ngakhale chimodzi. Likuletsa oyilo wa injini, amene ena amathira mafuta akatha pamsewu: oyiloyo amatupitsa marabala a m'masita silinda ndi a m'kalipa, ndipo pakapita masiku buleki imayamba kudontha kapena kukakamira. Likuletsanso msampha wa nambala. Munthu angaganize kuti DOT 5 ndi yoposa DOT 4 poti nambala yakula, pamene DOT 5 ndi mafuta a mtundu wina, a silikoni, a pepo, osasakanikirana ndi enawo. DOT 3, DOT 4 ndi DOT 5.1 ndiwo a banja limodzi. Apa mawuwo andikhumudwitsa pang'ono. Akulamula osafotokoza, ndipo lamulo losafotokozedwa silichedwa kuthyoledwa ndi munthu amene ali ndi pasenjala akudikira.

Lachiwiri ndi la botolo lomata, ndipo pamenepa ndi pamene chenjezoli likuwombana ndi thumba la mlimi. Mafuta a buleki amayamwa chinyezi cha mumpweya monga mchere wosiyidwa poyera nthawi ya mvula. Mwa muyezo wake, DOT 4 yatsopano siyenera kuwira isanafike madigiri 230, koma ikamwa madzi okwana 3.7 pa 100 alionse muyezowo umatsika kufika 155. Ya DOT 3 imachoka pa 205 kufika pa 140. Mafuta akawira m'kalipa amabala nthunzi, nthunzi imafinyika, handulo imangofika pa chogwirira popanda kanthu. Tsono taganizani botolo limene latsegulidwa mu Disembala, likugulitsidwa mopima pang'onopang'ono, mpaka msika wa fodya wa ku Chinkhoma kutsegulidwa cha mu Epulo. Wogula sindingamuweruze, pakuti ndalama ya fodya imabwera kamodzi pachaka ndipo ya kabaza imathera petulo ndi ufa. Koma chimene wagulacho si chimene chivindikiro chikunena, ngakhale pabotolo palembedwe DOT 4.

Tinene chilungamo: m'zigwa zathyathyathya za Kasungu buleki siitentha ngati ya munthu wotsika Chiweta. Kuno madzi aja amapha mwakachetechete. Amakhala pansi m'kalipa, pisitoni imachita dzimbiri, n'kuyamba kukana kubwerera. Pa njinga yakale imene zipangizo zake sizipezeka msanga, pisitoni imodzi yodyeka ikhoza kuigoneka m'khonde chaka chathunthu.

Chimene mawuwa sanatchule n'chachikulu ngati chimene atchula. Sananene za mpweya, chonsecho ambiri otsegula chivindikirocho amakhala akulimbana ndi mpweya. Gawo limenelo limakhala pakamwa pa amakaniko, ndipo iwo amati kubulida. Njinga amaiimika chilili, n'kupotoza handulo kuti kabokosi kakhale mosapendekeka. Pa nipo ya kalipa amavekapo kapaipi koonekera m'kati, nsonga yake n'kuimiza m'kabotolo momwe muli mafuta pang'ono. Ndiye mumamva: "Pompa! Gwira!" Mnyamata womuthandiza amafinya handulo kangapo mosathamanga n'kuigwira. Makaniko amamasula nipo pang'ono chabe ndi sipanala, nthawi zambiri ya 8, ndipo mafuta akuda amatuluka ndi timathovu totsatana m'kapaipi. Amamanga nipo, kenaka n'kunena kuti "Siya!" Mnyamata akasiya nipo isanamangidwe, mpweya umabwereranso ndipo ntchito imayambira poyamba. Chimodzimodzi akalola kabokosi kuuma. Amabwereza mpaka mafuta atuluke oyera opanda thovu, handulo italimba. Madontho ogwera pa thanki amawatsuka pompopompo, chifukwa amasupula penti.

Taonani kuti pa ntchito yonseyi chivindikiro chimakhala chotsegula ndipo botolo limapendekedwa kangapo. Ndiye kuti ziganizo ziwiri zija ndi mpanda wozinga kubulida: choyamba chikulondera pakhomo, chachiwiri chikulondera cholowa. Makaniko akhoza kuitana "pompa" ndi "gwira" mwaluso lonse, koma ngati wathira za m'botolo la chaka chatha, watulutsa mpweya n'kulowetsa madzi.

Mawuwa sanatchulenso nthawi. Mabuku a opanga njinga ambiri amati mafutawa azisinthidwa pakatha zaka 2, ngakhale buleki ikugwira, pakuti chinyezi chimalowabe pang'onopang'ono kudzera m'mapaipi a rabala ndi pa chivindikiro pomwepo. Chikhala kuti panali malo a chiganizo chachitatu, chimenechi ndicho ndikanaikapo, chifukwa buleki yakutsogolo ndi imene imasenza mphamvu yambiri yoimitsira njinga.

Inu eni njinga a pa Chisemphere, Chatoloma ndi Nkhamenya, pukutani chivindikirocho lero muwerenge nambala yolembedwapo. Mukapita kokabulida, gulani kabotolo kakang'ono komata, ngakhale mosonkherana awiri kapena atatu, ndipo katsegulidwe inu mukuona.